Ulendo Wokagula Otopailoti ya a Hamid

Ine ndine wa mawaya. Ku Likangala aliyense amene galimoto yake yakana kulira m'mawa amalidziwa geti langa, ndipo kwa zaka zoposa makumi awiri ndakhala ndikudyera masitata, mabatire ndi magetsi a maminibasi. Ndege sindinayendetsepo. Ndanena zimenezi poyambirira chifukwa pa ulendo umene ndikufotokozawu ndinalephera kuzinena pamene zinkafunika.

Ndegeyo inalipo ndithu, koma inali ya a Hamid, Mmwenye wa sitolo ya zitsulo ndi penti m'tauni mwathu muno. Anabadwira mu Zomba momwemuno, ndipo Chinyanja chawo n'chosalala kuposa cha ana anga. Chiphaso choyendetsera ndege anatenga ali mnyamata. Atasiyira mwana wawo sitolo, anaitanitsa kandege ka anthu awiri kobwera m'mabokosi zidutswazidutswa, n'kuyamba kukamanga m'shedi kuseri kwa nyumba yawo. Zinatitengera zaka zisanu. Iwo ankalumikiza malata a mapiko, ine ndinkayala mawaya onse, kuyambira ku batire mpaka ku getsi la kumchira. Aboma atabwera kudzaiyendera n'kuivomereza, tinaisamutsira ku bwalo la udzu pa esiteti ina cha ku Thondwe. Loweruka lililonse kukacha bwino ankainyamutsa, kuzungulira phiri, kusuzumira nyanja ya Chilwa, n'kubwerera. Ine ndinkatsala pansi. Anandiitana kangapo kuti tikwere limodzi, koma nthawi zonse ndinkapeza chifukwa.

Tsiku lina Lamulungu ananditenga pa galimoto kukwera kuphiri. Tinaima pamalo pamene tauni yonse imaonekera pansi, tinagula mabulosi kwa amayi a m'mbali mwa msewu, iwo n'kutulutsa fulasiki kuti athire tiyi. Theka la tiyiyo linathera pa thalauza. Dzanja lawo lamanja linkanjenjemera ngati la munthu wa malungo. Sikanali koyamba kuti ndilione. Ndinali nditaliona pafupifupi chaka chathunthu, ngakhale tsiku limene anatera moipa n'kupinda mwendo wa ndege, iwo n'kukauza akazi awo, mayi Zainabu, kuti inali mphepo.

"A Makwinja," anatero, "ndikufuna otopailoti."

Ndinkaidziwa kuchokera m'mabuku awo. Ndi kachipangizo kamene kamagwira ndege kuti iziyenda yokha mowongoka, woyendetsa atachotsa manja pa ndodo yowongolera.

"Mdzukulu wanga akubwera mu Disembala kuchokera ku Mangalande," anapitiriza. "Ndinamulonjeza kuti ndidzamuonetsa phiri lino kuchokera pamwamba. Mupite ku Joni, kuli munthu amene amagulitsa. Mawaya ndi anu, ndiye mukasankhe nokha yogwirizana ndi ndege yathu. Koma ikhale yoti ndizitha kuchotsa dzanja." Anayang'ana thalauza lawo lonyowalo. "Za tiyiyu kunyumba musakanene."

Ndikanayenera kunena pomwepo kuti bwana, chimene mukufunika ndi dokotala. Koma ndinali ndisanatulukepo m'Malawi, ndipo mawu akuti "ndege yathu" anandikomera. Ndinavomera.

Ndinanyamuka Lachitatu masana kuti ndikagone kwa mlongo wanga ku Chirimba, poti basi ya ku Joni imachoka ku Blantyre m'mawa. Mkazi wanga Esinati anandisitira shati yoyera ya kutchalitchi.

"Mukupita kwa eni," anatero, "musakaoneke ngati mwangotuluka pansi pa galimoto."

Ndinavalanso magalasi anga owerengera, n'kunyamula faelo ya a Hamid yokhala ndi zithunzi za ndege ndi mapepala a otopailoti. Pansi pa chikwama ndinaponyamo pulayasi, tesitala ndi tepi, chifukwa popanda zimenezo ndimamva ngati ndili maliseche. Minibasi ya pa depoti inkaoneka yodzaza, koma titakwera ife enieni, anthu anayi amene anangokhalamo kuti atikope anatsika mmodzimmodzi, ndipo tinadikiranso ola lathunthu. Pa Namadzi kondakitala anafuna kuti chikwama changa chilipire mpando. Ndinachiika pamiyendo mpaka ku Limbe.

Basi yaikulu anati ichoka faifi koloko. Inachoka cha m'ma seveni, chifukwa ngolo yakumbuyo inkapakiridwabe matumba a mpunga ndi nsomba zouma zopita kwa abale a ku Joni. Mpando wanga unali wachitatu kuchokera kwa dalaivala. Cha kuwindo kunakhala mayi wina wa msinkhu wanga, mayi Nangondo a ku Malosa. Foni anaigwira ndi manja awiri ngati mbale ya msuzi wotentha. Titadutsa Chileka anandiuza kuti mwana wawo wamwamuna anagundidwa ndi galimoto ku Joni, ali m'chipatala, ndipo anzake anaimba kuti mayi bwerani msanga.

"Akati msanga, mukudziwa tanthauzo lake," anatero. Ndinati Mulungu alipo.

Tsidya lina la kanjira kunali bambo wonenepa, wansangala, a Jafali, amene ankapita ku Joni mwezi uliwonse kukaoda mabulangeti ndi nsapato. Nditatsegula faelo kuti ndiwerengenso mapepala aja, anasuzumira.

"Ndege imeneyo ndi ya ndani, achimwene?"

"Tinamanga tokha, ku Zomba."

"Kumanga ndege? Ndiye inu ndinu oyendetsa?"

Funso lake linali lapafupi, yankho lakenso linali lapafupi. Koma anthu a mipando iwiri anali atatembenuka, ndipo mtsikana wina wa ku koleji anali atachotsa zomvetsera m'makutu.

"Eya, pang'onopang'ono," ndinatero.

"Amangwetu, tili ndi Kaputeni m'basi muno!" anafuula a Jafali.

Chithunzi chinayenda m'manja mpaka mpando wakumbuyo. Anandifunsa chimene ndikukachita ku Joni, ndipo ndinatambasula mapepala pa mawondo.

"Zilipo zamitundu itatu," ndinafotokoza. "Yoyamba imangogwira mapiko kuti ndege isapendekeke. Ili ndi kamota kamodzi, n'njopepuka. Yachiwiri ili ndi timamota tiwiri, kena ka mapiko, kena ka kumchira, ndiye ndege siikwera kapena kutsika payokha. Yachitatu mumangoiuza kumene mukupita, iyo n'kumakhota yokha."

"Nanga inu mumatani ikamayenda yokha?" anafunsa mtsikana uja.

"Ndimamwa tiyi."

Basi yonse inaseka. Ine ndinakumbuka thalauza la a Hamid, koma ndinaseka nawo.

Pa boda ya Mwanza mzere unatuluka mpaka panja. A Jafali anandigwira pa mkono n'kumakankha anthu mwaulemu: "Pepani, Kaputeni adutse, anthu awa sazolowera kuima." Anthu anapatukadi. Osintha ndalama ankanditcha bwana. Ndili pamenepo ndinaona dalaivala wachiwiri wa basi yathu akumwa madzi pa khonde. Anali a Fulaye, amene zaka zingapo m'mbuyomo ankayendetsa minibasi ya Zomba ndi Limbe. Sitata yawo ndinaikonzapo kawiri pa geti langa. Anandiyang'ana, anaona shati yoyera ndi magalasi, n'kuyang'ana kwina. Kuyambira pamenepo ndinkayenda nkhope itawerama mu faelo.

Ku Zobue, mbali ya Mozambique, tinadikira maola awiri kuti aone katundu wa m'ngolo. Titachoka kumeneko msewu unali ndi maenje, ndipo ndinayamba kuona chinthu. Basi ikagunda dzenje, injini inkatsamwa kamodzi, ndipo nthawi yomweyo timagetsi ta kutsogolo kwa dalaivala tinkaphethira. Dzenje lina, chimodzimodzi. Munthu wa ntchito yanga safunika kuuzidwa. Penapake waya unali utakhuzika, ukukhudza chitsulo. Ndikanangodzuka n'kunena kuti adalaivala, tikaima ku Tete ndikuonereni waya. Koma pa mpando wa pambali pa dalaivala panali a Fulaye. Ndinatsegula faelo.

Tinawoloka mlatho wa Zambezi cha m'ma wani koloko. Za kutentha kwa ku Tete ndinkangozimva m'nkhani. Mphepo yolowa pawindo inali ngati yochokera mu uvuni wa buledi. Titayenda pafupifupi ola limodzi kuchoka m'tauni, pakati pa milambe ndi miyala, basi inagunda dzenje lalikulu, injini inazima, ndipo tinatsetsereka mwakachetechete mpaka kuima m'mbali mwa msewu.

Dalaivala wamkulu, a Mwale, anapotokola kiyi. Sitata inkazungulira bwinobwino koma injini osagwira.

"Dizilo tathira ku Moatize uja ngwakuda," anatero a Mwale.

Anatsegula kumbuyo n'kuyamba kumasula mafiluta. Ine ndinkadziwa kuti dizilo wakuda sadikira dzenje, ndiponso saphethiritsa magetsi. Pa pampu pamakhala kavavu kamagetsi kotsegulira dizilo. Waya wake ukapsereza fyuzi, kamatseka, ndipo mukhoza kuliza sitata mpaka mawa. Nthawi iliyonse imene a Mwale ankapotokola kiyi ndinkamva batire ikufooka.

Anthu tinatsika n'kukhala mu mthunzi wa basi, umene unali wopapatiza ngati mphasa. A Jafali anayala katoni pansi.

"Kaputeni, khalani apa. Izi si zanu, shati ingade."

Ndinakhala.

Ola loyamba anthu ankaseka. Lachiwiri madzi anatha. Amayi a m'mudzi wapafupi anabwera ndi zidebe za madzi amchere ndi malambe, tinkagula polozerana ndi zala. Khanda lina linalira mpaka mawu anauma, amayi ake akulipukuta ndi chitenje chonyowa. Mkulu wina wa matenda a shuga anagona pansi, anthu akumukupiza ndi mapasipoti. A Mwale anaimbira makanika wa ku Tete, amene anati ali m'njira. Patatha ola anaimbanso, anati ali m'njira.

Mayi Nangondo anapita kwa a Mwale kukafunsa nthawi imene boda ya Zimbabwe amatseka. Sindinamve yankho, koma ndinaona akutenga chikwama chawo n'kukaima pa phula, akukweza dzanja kwa thiraki iliyonse. Zinadutsa zisanu, palibe inaima. Anabwerera n'kuima patsogolo panga, thukuta likutsika m'khosi.

"Bambo, inu odziwa makina a m'mwamba, simungayang'aneko?"

"Ndege ndi basi n'zosiyana, mayi," ndinayankha.

Mawu amenewo ndimawamvabe. Iwo anangogwedeza mutu, anakhala pa chikwama chawo, n'kuyang'ana foni imene kumeneko sinkagwira n'komwe.

Ndinakhala pa katoni ija pafupifupi ola linanso. Sindinganene kuti panachitika chinthu chachikulu chondidzutsa. A Mwale anapotokolanso kiyi, ndinamva sitata ikukoka ngati munthu wotopa, ndipo ndinadziwa kuti akayesa kawiri kapena katatu batire ifa, ndiye ngakhale ine sindidzathandiza. Ndinakwera m'basi, ndinatulutsa pulayasi ndi tesitala, ndinavula shati n'kutsala ndi vesiti.

"Musalizenso," ndinawauza a Mwale. "Bwezerani mafiluta, mupope mpweya utuluke. Fyuzi zili pati?"

Yachinayi inali yopsa. Ndinalowa pansi pa basi, ndinatsatira waya ndi chala mpaka pamene unkadutsa pa ngodya ya chitsulo, ndipo ndinaupeza utasupuka pang'ono chabe. Ndinaukulunga ndi tepi, ndinaumangirira patali ndi chitsulocho, ndinazula fyuzi ya wailesi n'kuika m'malo mwa yopsa ija. Pamene ndinkatuluka chagada, magalasi ali m'thumba, nkhope ili ndi oyilo, a Fulaye anawerama n'kundiyang'anitsitsa.

"Aaa! Si a Makwinja awa? A Makwinja a ku Likangala, amawaya! Akuluakulu, munthu uyu anandikonzera sitata kawiri. Mwakhala muli m'basi muno?"

Injini inalira pa kiyi woyamba. Ntchito yonse sinakwane mphindi makumi awiri. Anthu anaomba m'manja, ena analuluta. A Jafali anaseka mpaka kugwira tayala.

"Kaputeni wa masitata! Ine n'kumakudutsitsani pa mzere!"

Sanaseke mwankhanza, ndipo anandigulira madzi. Ena anaiwala msanga za ndege, ankangothokoza kuti tikuyenda. Ndinakhala pa mpando wanga, shati ili m'manja. Mayi Nangondo anadikira mpaka basi itathamanga.

"Munadziwa liti?" anafunsa motsitsa mawu.

Ndikanatha kunama. Ndinali nditatopa nako.

"Titangochoka ku Zobue."

Anandiyang'ana kanthawi, kenako anatembenukira kuwindo. Sanandilankhulenso mpaka ku Joni.

Boda tinaipeza yotseka, ndipo tinagona m'basi. M'mawa tinawolokera ku Nyamapanda, mbali ya Zimbabwe, n'kudutsa Mutoko ndi miyala yake, Harare tinangoima kuthira mafuta. Ku Beitbridge, pa boda yomaliza, tinatha theka la tsiku pa mzere, katundu yense wa m'ngolo atatsitsidwa pansi kenako n'kupakiridwanso. Palibe amene anandipatukira, ndipo ndinaona kuti n'chimodzimodzi, mzere umayendabe. Tinalowa mu Joni titachedwa ndi tsiku lathunthu. Pa siteshoni mayi Nangondo analandiridwa ndi amuna awiri ovala majekete a ntchito. Mmodzi anawalandira chikwama, wina anawagwira paphewa n'kumalankhula nawo chapansipansi. Ndinali patali, nkhope zawo sindinaziwerenge. Sindikudziwa ngati mwana wawo anamupeza ali moyo. Malosa si patali ndi kwathu, koma sindinapiteko kukafunsa.

Malo ogulitsa otopailoti anali pa bwalo laling'ono la ndege kunja kwa mzinda, matakisi awiri kuchokera pamene ndinagona. Mwini wake anali mzungu, koma amene anandilandira anali injiniya wake, a Tendai, bambo wa imvi wobadwira ku Zimbabwe. Ataona pasipoti yanga anasangalala. Bambo awo anachokera ku Mulanje kukagwira ntchito m'migodi, ndipo Chinyanja ankachidziwabe, chosakanikirana ndi Chishona.

"Ndinu oyendetsa?" anafunsa.

"Ayi. Ndine wa mawaya."

"Bwino kwambiri. Oyendetsa amangofunsa mtundu wa mabatani."

Anaika zonse zitatu pa tebulo. Tinakambirana ngati anthu a ntchito imodzi, ndipo kwa nthawi yoyamba pa ulendowu ndinapuma bwino. Tinaona mphamvu imene alitineta, yochajira batire ya ndege yathu, imatulutsa ndi imene wailesi ndi magetsi zimadya kale. Yachitatu ija, yokhota yokha, inkafuna sikirini yatsopano imene sikanakwana kutsogolo popanda kudula zonse. Yoyamba inali yosavuta kuika, kamota kake kankalowa pansi pa mpando. Yachiwiri inkafuna kamota kena kumchira, ndipo a Tendai anandionetsa kuti kulemera kwa kumbuyo kumeneko kungafune kuti tisunthire batire kutsogolo. Ndinati zimenezo ndingathe. Ndinali nditasankha yachiwiri, iwo atatenga kale bokosi.

"Oyendetsa anuwo amapita kutali bwanji?" anafunsa akulemba. "Lilongwe? Mzuzu?"

"Ayi. Amazungulira phiri la Zomba n'kubwerera. Theka la ola, nthawi zina ola."

Anaika cholembera pansi.

"Ichi ndi cha munthu woyenda maola atatu, anayi, amene amatopa kugwira ndodo. Wa theka la ola amakwera kuti agwire ndodoyo. Akuchifuniranji?"

Ndinati ndi munthu wokonda zipangizo. A Tendai sanatolenso cholembera chija. Ndinayang'ana timamota tija pa tebulo, kenako ndinawauza zonse: tiyi, mwendo wopindika, mdzukulu wa mu Disembala, ndiponso kuti kunyumba sakudziwa.

Anatenga kamota kamodzi n'kukazunguza ndi chala.

"Mukuona apa? Anakapanga dala kuti katereke. Mphepo ikakankha kwambiri, kamasiya, kamalira, n'kubwezera ndodo m'dzanja la munthu. Ndipo ponyamuka ndi potera mumakazimitsa. Phiri lanulo masana mphepo imatsika nalo?"

"Imatsika. Imazula madenga ku Matawale."

"Ndiye mwaona. Kamagwira pamene ngakhale mwana angagwire. Pamene pakufunika dzanja, kamakubwezerani." Anakankhira bokosi kwa ine. "Kugulitsa ndikugulitsani, lamulo silindiletsa. Koma okaika ndinu, achimwene."

Ndinatuluka panja kukaimbira a Hamid. Ndinayamba kufotokoza za mphepo, iwo anandidula.

"Ndakutumani kukagula, osati kukamva ulaliki. Tengani yachiwiriyo."

"Chabwino, bwana," ndinatero. Ngakhale pamenepo ndinalephera kukana ndi pakamwa.

Ndinaima kanthawi ndikuonera kandege kena kakutera, kakugwedezeka mapiko, woyendetsa akukawongola mpaka matayala atakhudza pansi. Nditabwerera mkati, a Tendai anandifunsa ngati ndege yathu ili ndi ndodo ku mpando wachiwiri. Ndinati sitinaike, poti pomanga a Hamid anati palibe woigwira. Analowa kuchipinda chakumbuyo n'kubwera ndi paipi yopindika, yotalika ngati mkono, ndi kathumba ka mabawuti. Ndinagula imeneyo. Bokosi ndinalisiya pa tebulo.

Pobwerera ndinavala ovolosi imene ndinagula pa siteshoni. Masiku awiri ndinakhala ndi paipi yokulungidwa m'nyuzipepala pa mawondo, ndipo palibe anandifunsa kanthu. Ku Mwanza wa kasitomu anaitembenuza n'kufunsa kuti n'chiyani. Ndinati ndi paipi. Anandibwezera.

A Hamid ndinawapeza pa khonde la nyumba yawo madzulo, mayi Zainabu akuthira tiyi. Ndinali nditakonza zoti ndiwapemphe tikalankhulire ku shedi, koma anatambasula dzanja lamanzere kuti ndiwapatse katundu. Ndinaika paipi pa tebulo, pambali pa mbale ya masamusa.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndodo yachiwiri, bwana. Otopailoti sindinagule."

"Chifukwa?"

"Chifukwa singakuthandizeni potera. Dzanja lanulo likufunika dokotala, ndipo ndege ikufunika munthu wina pambali panu. Mwana uja musakwere naye nokha."

Ndinazinena mofulumira, ndikuyang'ana masamusa. A Hamid anabisa dzanja lamanja pansi pa tebulo. Mayi Zainabu anamaliza kuthira tiyi, n'kuika ketulo pansi mosamala.

"Mabatani a shati ndimawamangira ndine kuyambira chaka chatha," anatero. "Ankaganiza kuti sindikuona. Chimene sindinkadziwa ndi chakuti chimachitikanso m'mwamba." Anatembenukira kwa ine. "Mwendo wa ndege uja inali mphepo, a Makwinja?"

"Ayi, mayi."

"Mwadya m'nyumba muno zaka zisanu. Loweruka lililonse munkaimirira pa bwalo paja n'kumaonerera bambo awa akunyamuka, madzulo n'kudzandipatsa moni."

A Hamid anaimirira, nkhope itada.

"Ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha," anatero. "Pitani kwanu."

Ndinayenda wapansi mpaka ku Likangala. Onse awiri ankanena zoona, wina kuti ndalankhula, wina kuti ndachedwa kulankhula.

Miyezi iwiri sanandiitane. Ndikafuna mabawuti ndinkazungulira kukagula ku sitolo ina. Ndinamva kwa mwana wawo kuti anapita kwa madokotala ku Blantyre, akumwa mankhwala, ndipo chiphaso chawo sichinawonjezeredwe. Kumayambiriro kwa Disembala foni inalira.

"Paipi yanu ija siidziika yokha," anatero a Hamid, n'kudula.

Ndinaiika masiku awiri, iwo atakhala pa mpando m'shedi ya ku esiteti, akundiwerengera buku la malangizo a ndegeyo popanda kunena china chilichonse. Aboma anabweranso kudzaiona. Loweruka lotsatira kunabwera mayi wina wachitsikana wochokera ku Blantyre, mphunzitsi wa oyendetsa ndege, amene mayi Zainabu anamupeza okha. Anayamba kukwera ndi mdzukulu uja. Ine ndi a Hamid tinaima limodzi pa udzu, tikuona ndege ikuchepa cha kuphiri. Sanachotse maso mpaka inabwerera, ndipo mwanayo anatsika akulankhula Chingerezi chothamanga chimene sindinamve.

Kenako anakwera a Hamid. Anatha pafupifupi ola. Atatera, mphunzitsi uja anawathandiza kutsika, ndipo iwo anabwera molunjika kwa ine, akupukuta magalasi ndi shati.

"Anandisiyira ndodo pamwamba pa Malosa," anatero. "Mphindi khumi. Dzanja silinanjenjemere n'komwe."

"Zikomo, bwana."

Anayang'ana kumene mayi Zainabu anaima ndi mwana uja, kenako anatsitsa mawu.

"Linanjenjemera pang'ono. Mayiwo mukawauze nokha, a Makwinja, poti kunena mwayamba kukudziwa."